Irving Babbitt: mphunzitsi yemwe adabutsa nkhondo ya mabuku ku America

Tsiku lina m'mwezi wa May chaka cha 1930, anthu pafupifupi 3 000 adakhamukira ku Carnegie Hall, holo yotchuka ya mumzinda wa New York m'dziko la America. Patsikulo kudalibe oimba kapena azisudzo. Khwimbi lonselo lidabwera kudzamvera akuluakulu atatu akutsutsana pa funso lomwe ambiri a ife tingaliyese lachibwana: kodi buku labwino timalizindikira bwanji?

Apa n'kuti patangotha miyezi 7 chisokonekereni malonda pamsika wa masheya wa Wall Street, ndipo mafakitale adali atayamba kuchotsa anthu ntchito. Koma nkhani ya mabukuyi idali m'kamwam'kamwa m'nyuzipepala ndi m'magazini ngati kuti kukubwera chisankho.

Yemwe adautsa mapiri pachigwa adali mphunzitsi wa zaka 64 wa pasukulu yaukachenjede ya Harvard, Pulofesa Irving Babbitt. Mkuluyu adali atatha zaka zoposa 30 akuuza ophunzira ake kuti buku lisamatamandidwe pachifukwa chokha choti latiliza, latiseketsa kapena lanena zachilendo. Kwa iye funso lalikulu lidali ili: kodi bukuli likuonetsa munthu ngati cholengedwa chomwe chingathe kudziletsa, kapena ngati nyama yongotengeka ndi zilakolako?

Maganizo amenewa ndiwo adabala gulu la akadaulo ounika mabuku lomwe lidatchedwa New Humanism. Patsiku la mtsutsolo Babbitt adakhala pansanja imodzi ndi Carl Van Doren komanso Henry Seidel Canby, omwe nawo adali odziwika pa ntchito younika mabuku. Gulu lake lidali pachimake pa kutchuka. Koma pomatha zaka zitatu, mwini wake adali m'manda ndipo gululo lidali litabalalika.

Mwana woyendayenda

Babbitt adabadwa pa 2 August 1865 ku Dayton m'chigawo cha Ohio. Bambo ake, Edwin Babbitt, adali munthu wokonda zachilendo. Ankakhulupirira zolankhulana ndi mizimu ndipo adalemba buku lonena kuti kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana kumachiza matenda. Mayi ake adamwalira iye ali ndi zaka 11. Ali mnyamata adagulitsako nyuzipepala m'misewu ya New York, adakhalako pafamu ku Ohio ndiponso adawetako ng'ombe ku Wyoming. Ena mwa olemba mbiri yake amati kuipidwa kwake ndi anthu otengeka ndi chilichonse chatsopano kudayambira panyumba pomwepo.

Adalowa ku Harvard m'chaka cha 1885 ndipo adatsiriza mu 1889 ataphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ataphunzitsa zaka ziwiri ku Montana, adapita ku Paris komwe adakaphunzira Sanskrit ndi Pali, zilankhulo zakale za ku India. Chilankhulo cha Pali ndi chomwe chidasunga ziphunzitso zakale za Buddha. Atabwerera ku Harvard adakumana ndi Paul Elmer More m'kalasi ya zilankhulo za ku India zomwezi, ndipo awiriwa adakhala pa ubwenzi wa ponda apa nane m'pondepo mpaka imfa idawalekanitsa.

Mu 1894 Harvard idamulemba ntchito, koma osati yomwe ankaifuna. Mtima wake udali pa mabuku a Agiriki ndi Aroma, koma adamupatsa Chifalansa. Kwa zaka zambiri adakhala mphunzitsi wamba, ndipo upulofesa wathunthu adaulandira mu 1912. Ambiri amati chomwe chidamuchedwetsa ndi pakamwa, poti sankaopa kudzudzula mabwana ake omwe.

Sukulu ndi yachiyani?

Nkhondo yake yoyamba idali yokhudza sukulu. Mkulu wa Harvard kuyambira 1869 mpaka 1909, Charles W. Eliot, adabweretsa dongosolo loti wophunzira azidzisankhira yekha maphunziro omwe akufuna. Eliot ankakhulupirira kuti mnyamata amalimbikira pa chomwe wachikonda, komanso kuti sukulu iyenera kukonzekeretsa anthu kutumikira dziko pa ntchito zamakono.

Babbitt adakana. M'buku lake loyamba, Literature and the American College, lomwe lidatuluka mu 1908, adakayikira zoti wachinyamata wongotuluka kumene kusekondale angadziwe chofunika kuphunzira kuposa mibadwo yonse yomwe idamutsogolera. Adadzudzulanso aphunzitsi anzake omwe adatengera kachitidwe ka ku Germany, kothera zaka ukufufuza komwe liwu limodzi lidachokera osafunsa n'komwe ngati buku lomwe muli liwulo lili ndi nzeru. Mwini wake sadatenge digiri ya udokotala wa maphunziro, ndipo sadabise kuti sankaiona ngati chizindikiro cha nzeru.

Kholo lililonse lomwe lidagulitsapo chimanga kapena mbuzi kuti lilipire fizi likuudziwa mkangano umenewu, ngakhale silidamvepo dzina la Harvard. Timatumiza mwana kusukulu kuti adzapeze ntchito, koma akabwerako ndi satifiketi ali wopanda khalidwe timatinso sukulu yalephera. Babbitt adaima kumbali ya khalidwe, ndipo ankakhulupirira kuti chida chosulira khalidwelo ndi mabuku akuluakulu omwe akhala akuwerengedwa kwa zaka mazanamazana osasukuluka.

Buleki ya mumtima

Liwu loti humanism lasokonezapo anthu ambiri. Ku Zambia, Kenneth Kaunda adalitchukitsa kuyambira mu 1967 ngati mfundo yoyendetsera dziko. Ena amaligwiritsa ntchito ponena za anthu osakhulupirira Mulungu. Enanso angathamangire kulimasulira kuti umunthu. Babbitt ankatanthauza china.

Iye ankati moyo uli ndi magawo atatu. Pansi pali moyo wachibadwa womwe timafanana nawo ndi nyama: njala, mkwiyo, chilakolako ndi dyera. Pamwamba pali moyo wachipembedzo, wa anthu omwe asiya za dziko. Pakati ndiye pali moyo woyenera munthu, ndipo chomwe chimausiyanitsa ndi wa nyama ndi mphamvu ina ya mumtima yomwe imakuuza kuti basi, lekera pomwepo. Mphamvuyi iye ndi More ankaitcha inner check, kunena kwake buleki ya mumtima. Galimoto yopanda mabuleki imathamanga ndithu, koma tonse tikudziwa komwe imakathera.

Umunthu wathu umayang'ana kwambiri momwe munthu akukhalira ndi anzake. Babbitt ankayambira mkati mwa munthu mmodzi. Ankasiyanitsa munthu woyamba wadzikonza yekha ndi munthu wothamangira kukonza dziko lonse, ndipo wachiwiriyu ankamukayikira zedi. Mfundo yake tingaiike motere: n'chapafupi kukhetsa misozi kaamba ka mavuto a anthu akutali omwe sudawaonepo kusiyana ndi kuugwira mtima pamene wakuputa ndi mnzako woyandikana naye nyumba.

Chitsanzo chake chachikulu chidali Jean-Jacques Rousseau, mlembi wobadwira ku Geneva mu 1712, yemwe adaphunzitsa kuti munthu amabadwa wabwino ndipo chimamuononga ndi chikhalidwe cha dziko lomwe wakuliramo. Mu 1762 Rousseau adatulutsa Emile, buku lotchuka la kaleredwe ka ana. Koma ana asanu omwe adabereka ndi Thérèse Levasseur adakawasiya onse kunyumba yosungirako ana otayidwa, ndipo izi adavomera yekha m'buku la mbiri ya moyo wake. Kwa Babbitt nkhani idagona pamenepa: munthu wodzala ndi chikondi cha pa anthu onse koma wolephera udindo wa pakhomo pake.

Mu 1919 adatulutsa Rousseau and Romanticism, buku lomwe ambiri amati ndilo lalikulu mwa mabuku ake onse. M'menemo adalondola momwe maganizo a Rousseau adalowerera m'ndakatulo ndi m'nthano za ku France, Germany ndi England kwa zaka zoposa 100. Adaloza kutamanda kutengeka mtima, kuyesa chikondi chosadziletsa ngati chinthu chopatulika, kuthawira kumapiri ndi kunkhalango poganiza kuti chilengedwe chili ndi mayankho onse, komanso kukankhira dziko mlandu wa zolakwa zako. Mdani wake wachiwiri adali Francis Bacon wa ku England, yemwe ankamuona ngati kholo la chikhulupiriro choti sayansi ndi makina zidzathetsa mavuto onse a anthu.

Bukuli lidatuluka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, mayiko ophunzira kwambiri a ku Ulaya ataphana ndi mfuti zamakono komanso mpweya wa poizoni. Babbitt adaona kuti zomwe ankanena zapherezeka. Mphamvu zidachuluka, buleki padalibe.

Mankhwala ake sadawatenge kumpingo umodzi kapena kudziko limodzi. Ankaloza kwa Aristotle wa ku Greece, Confucius wa ku China, Buddha wa ku India ndi Yesu Khristu, ponena kuti ngakhale adasiyana pa zambiri, onsewa adaphunzitsa kudzichepetsa ndi kudziletsa.

Mlandu wa Clyde

Kuti tione momwe maganizowa ankagwirira ntchito pa buku lenileni, titenge An American Tragedy, nthano yaitali yomwe Theodore Dreiser adatulutsa mu 1925.

Clyde Griffiths ndi mnyamata wochokera kubanja losauka la alaliki a mumsewu. Apeza ntchito pafakitale ya mchimwene wa bambo ake, munthu wachuma. Kumeneko apalana ubwenzi wamseri ndi Roberta, mtsikana wogwira ntchito pafakitalepo, mpaka kumupatsa pathupi. Nthawi yomweyo Sondra, mtsikana wa kubanja lolemera, ayamba kumuonetsa chidwi. Clyde aona kuti Roberta akumutsekera khomo la chuma, choncho amutengera kunyanja pabwato ndi cholinga chomupha. Itafika nthawi yochita chomwe adakonza, mantha amugwira. Koma bwato ligudubuka, Roberta ayamba kumira, ndipo Clyde asambira kupita kumtunda osamupulumutsa. Amangidwa, azengedwa mlandu ndipo aphedwa pampando wamagetsi.

Dreiser adaitenga nkhaniyi pa mlandu weniweni womwe udachitika mu 1906 m'chigawo cha New York. M'masamba mazanamazana amationetsa momwe umphawi, manyazi, kusaphunzira ndi kunyezimira kwa chuma cha ena zidamukankhira mnyamatayo kuphompho pang'onopang'ono. Ukamatsiriza bukulo umadzifunsa kuti wapha ndani, Clyde kapena dziko lomwe lidamuphunzitsa kuti wopanda ndalama si munthu? Kwa alembi achinyamata a nthawiyo uku ndiye kudali kulimba mtima, kunena zoona za America zomwe olemera sankafuna kumva.

Babbitt adaliona mwina. M'nkhani yomwe adalemba mu 1928 adati bukuli limangozunza mtima wa wowerenga popanda phindu. Vuto silidali loti muli chiwerewere ndi imfa, poti masewero akale a Agiriki nawo ngodzala ndi magazi. Malinga ndi kaganizidwe kake, kusiyana n'kwakuti m'masewero akalewo munthu amasankha, amalakwa, n'kusenza zotsatira zake ali munthu. Kugwa kwake kumatigwira mtima chifukwa tikudziwa kuti akadatha kuchita mwina. Koma Clyde akuoneka ngati tsamba lotengedwa ndi madzi osefukira. Ngati munthu alibe mphamvu yosankha ndiye kuti palibe wolakwa, ndipo palibenso ngwazi.

Mkangano uwu si wachilendo kwa aliyense yemwe adakhalapo pabwalo la milandu. Mnyamata akaba, wina amati ndi umphawi, wina n'kufunsa kuti nanga anzake osauka ngati iye bwanji sakuba? Onse awiri ali ndi mfundo.

Pomwe Babbitt adaphonya, m'kuona kwanga, m'poti ankawerenga nthano ngati woweruza yemwe walemba kale chigamulo mboni zisadalankhule. Dreiser sadanene kuti Clyde adachita bwino. Adatilowetsa m'mutu mwa mnyamatayo kuti tione momwe choipa chimakulira kuchokera ku kabodza kamodzi, ndipo wowerenga yemwe waona zimenezi amatseka bukulo atachenjera. Chodabwitsa n'choti zaka za m'ma 1920 lero zimatengedwa ngati nyengo ya zokolola zochuluka pa zolembalemba za ku America, nyengo ya Ernest Hemingway, F. Scott Fitzgerald ndi William Faulkner, koma Babbitt ndi More adapeza alembi amoyo ochepa zedi oti n'kuwayamikira. Mlimi akayendera munda wonse osapezamo chimanga chabwino ngakhale chimodzi, timayamba kukayikira maso ake.

Mng'alu m'nyumba momwe

Ngakhale zidali choncho, omwe adakhalapo m'kalasi mwake sankamuiwala. Ankalowa ndi chikwama chodzala ndi mabuku komanso timapepala, n'kukhuthulira zonse patebulo. Akayamba kulankhula, mayina a alembi ankatuluka ngati ngumbi mvula ikagwa, moti ophunzira ena ankabetcherana pa chiwerengero cha alembi omwe atchulidwe tsiku limenelo.

Mmodzi mwa ophunzirawo adali T. S. Eliot, mlakatuli yemwe adadzalandira mphotho ya Nobel mu 1948. Uyu tisamusokoneze ndi Eliot mkulu wa sukulu uja. Adalowa m'kalasi ya Babbitt mu 1909 ndipo moyo wake wonse ankavomera kuti mphunzitsiyu adamuumba. Koma ndi iye yemwenso adafunsa funso lomwe lidabaya gululo pamtima.

Mu 1927 Eliot adabatizidwa mumpingo wa Anglican, ndipo chaka chotsatira adalemba nkhani younika maganizo a mphunzitsi wake. Funso lake lidali lakuti buleki ya mumtimayi yamangiriridwa kuti? Munthu wophunzira ngati Babbitt, wokulira pakati pa anthu omwe Chikhristu chidawasula kale, angathe kudziletsa popanda mpingo. Nanga khamu la anthu wamba, ndi mibadwo yobwera yomwe sidzamva fungo la chipembedzo? Kwa Eliot, humanism yopanda chipembedzo idali ngati nthambi yodulidwa yomwe imaoneka yobiriwira masiku ochepa.

Babbitt ankalemekeza chipembedzo, koma ankaumirira kuti munthu aliyense woona mtima akadziyang'ana mkati amaipeza mphamvu yodziletsayi popanda kuyamba wavomereza chiphunzitso cha mpingo uliwonse. Naye More, bwenzi lake lapamtima, m'zaka zake zomaliza adapendekera ku Chikhristu. Gululo lisadakumane n'komwe ndi adani akunja, khoma lidali litang'aluka kale.

Chaka cha nkhondo

Kwa nthawi yaitali Babbitt ndi More adali ngati mawu ofuula m'chipululu. More adakhalapo mkonzi wa magazini ya The Nation ya ku New York kuyambira 1909 mpaka 1914, kenaka adakakhazikika ku Princeton. Yemwe adasandutsa maganizo awo kukhala gulu looneka ndi maso adali wophunzira wina wa Babbitt, Norman Foerster.

Foerster adabadwa mu 1887 ku Pittsburgh ndipo m'zaka za m'ma 1920 adali pulofesa pasukulu yaukachenjede ya North Carolina. Mosiyana ndi mphunzitsi wake, iye adaika mtima pa alembi a ku America komweko monga Emerson, Poe ndi Whitman, panthawi yomwe masukulu ambiri ankaona ngati mabuku oyenera kuphunzitsidwa ndi a ku England okha. Adali munthu wodziwa kumema anzake. Kumayambiriro kwa 1930 adatulutsa Humanism and America, buku lomwe adasonkhanitsamo nkhani za Babbitt, More, Eliot ndi ena. Bukuli lidali ngati chikalata cha mfundo za chipani.

Yankho silidachedwe. Chaka chomwecho C. Hartley Grattan adasonkhanitsa otsutsa m'buku lina, The Critique of Humanism. M'gulu limeneli mudali achinyamata akuthwa cholembera monga Edmund Wilson, Malcolm Cowley, Kenneth Burke ndi Lewis Mumford. Mtolankhani H. L. Mencken naye adali atatha zaka akuwanyoza mapulofesawa.

Milandu yomwe adawaimba idali ingapo, koma womwe udamveka kwambiri udali wa njala. Otsutsawo ankati n'chapafupi kulalikira kudziletsa uli pa malipiro a upulofesa. Kodi munthu yemwe wachotsedwa ntchito ndipo ali pamzere wolandira chakudya chaulere adziletse chiyani? Ankati humanism ilibe chonena pa fakitale, pa malipiro, kapena pa mabanki omwe ankagwa ndi ndalama za anthu.

M'mwezi wa December chaka chomwecho nkhondoyi idafika mpaka ku Stockholm. Sinclair Lewis, mlembi woyamba wa ku America kulandira mphotho ya Nobel pa zolembalemba, adagwiritsa ntchito mwayi wolankhula kumeneko kuseka gulu la New Humanism, ponena kuti mapulofesa a kwawo amakonda mabuku pokhapokha eni ake atafa kalekale. Apa padalinso chipongwe china chomwe Babbitt sakadachitapo kanthu. Mu 1922 Lewis yemweyo adatulutsa nthano yotchedwa Babbitt, yonena za George F. Babbitt, wamalonda wogulitsa nyumba, wokonda ndalama ndi kutsanzira anzake. Nthanoyo idatchuka moti dzinalo lidalowa m'Chingerezi ngati liwu lonyozera munthu wotere. Pulofesa yemwe adathera moyo wake kudzudzula kupembedza chuma adapezeka kuti dzina lake likutanthauza chomwe ankadana nacho.

Padalinso nkhani ya ndale. M'buku la Democracy and Leadership la mu 1924, Babbitt adati ulamuliro wa demokalase umaima kapena kugwa malinga ndi khalidwe la atsogoleri ake, ndipo adachenjeza kuti dziko losadziletsa limathera pofuna kulamulira mayiko ena. Chenjezo limeneli ambiri amaliyamikira mpaka lero. Koma m'buku lomwelo adanenanso kuti zinthu zitafika poipa, America ingadzaone ngati mwayi kupeza munthu wonga Mussolini woti aitchinjirize kwa munthu wonga Lenin. Omuteteza amati ankachenjeza, sankalakalaka. Komabe mawuwo adamukanirira ngati chitedze, makamaka pamene Seward Collins, mwini magazini ya The Bookman yomwe idaikira kumbuyo gululi, adadzavomera poyera mu 1936 kuti amatsatira mfundo za chifasisiti.

Pofika 1933, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito ku America adali pa ulova. Alembi ambiri achinyamata adatembenukira ku maganizo a Karl Marx. M'masukulu aukachenjede mudadzabwera kaunikidwe kena kotchedwa New Criticism, koyang'ana momwe ndakatulo yamangidwira mawu ndi mawu m'malo mofunsa za khalidwe. Babbitt adamwalira pa 15 July 1933 ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts. More adamutsatira mu 1937.

Komwe mbewu idakamera

Chodabwitsa n'choti maganizo ake adakazika mizu kutali, ku China. Mu 1919 achinyamata ophunzira a m'dzikolo adadzuka m'gulu lomwe limadziwika kuti May Fourth, ndipo ambiri a iwo ankaloza chala ziphunzitso za Confucius kuti ndizo zidafooketsa dziko lawo pamaso pa azungu ndi Japan. Mmodzi mwa atsogoleri a maganizo atsopanowa, Hu Shi, adaphunzira ku America kwa John Dewey, ndipo ankalimbikitsa kuti alembi asiye Chitchaina chakale cha m'mabuku n'kuyamba kulemba momwe anthu amalankhulira.

Ndiye taganizani kudabwa kwa anyamata a ku China omwe adafika ku Harvard n'kumva pulofesa wachizungu akuika Confucius pamzere umodzi ndi Aristotle, n'kuwalangiza kuti asataye chuma cha makolo awo pothamangira za kunja. Awiri mwa iwo, Mei Guangdi ndi Wu Mi, atabwerera kwawo adayambitsa nawo magazini ya Xueheng mumzinda wa Nanjing mu 1922, momwe ankasindikizamo nkhani za Babbitt zomasuliridwa m'Chitchaina. Wophunzira wina, Liang Shiqiu, adalimbana kwa zaka ndi mlembi wamkulu Lu Xun. Liang ankati mabuku abwino amanena za chibadwa cha munthu chomwe sichisintha, pomwe Lu Xun ankati wolemera ndi wosauka samva moyo mofanana. Udali mkangano wa ku New York womwe uja, utangovala malaya ena.

Nakonso ophunzira a Babbitt adagonja. Liang adasamukira ku Taiwan mu 1949, komwe mu 1967 adatsiriza ntchito yomasulira masewero onse a Shakespeare m'Chitchaina. Wu Mi adatsala, ndipo adazunzidwa koopsa panthawi ya Cultural Revolution yomwe idayamba mu 1966. Adamwalira mu 1978 ali wolumala mwendo komanso wosaona bwino. Patapita zaka, akadaulo a ku China adayambanso kufukula ndi kusindikiza zomwe gulu la Xueheng lidalemba.

Ku America komweko mbewu ina idamera pomwe palibe ankayembekezera. Mu 1930 Foerster adasamukira kusukulu yaukachenjede ya Iowa kukatsogolera nthambi yotchedwa School of Letters. Potsatira dandaulo la mphunzitsi wake loti maphunziro a mabuku asanduka kafukufuku wouma, adamenyera nkhondo kuti wophunzira aziloledwa kupereka nthano kapena ndakatulo zolemba yekha n'kulandira nazo digiri yapamwamba, ngakhale ya udokotala. Pamaziko amenewa mu 1936 padakhazikitsidwa Iowa Writers' Workshop, sukulu yosula alembi yomwe masukulu ambiri adadzatengerako chitsanzo. Wallace Stegner adaphunzira ku Iowa m'nthawi ya Foerster, ndipo Flannery O'Connor adafikako mu 1945. Gulu lomwe linkanenedwa kuti limadana ndi alembi amoyo lidathandiza kuwamangira nyumba. Foerster mwini wake adatula pansi udindo mu 1944 atasemphana ndi akuluakulu a sukuluyo pa nkhani ya maphunziro oyenera kuphunzitsidwa kwa wophunzira aliyense, mkangano womwe uja Babbitt adauyamba mu 1908.

Andale osafuna kusintha zinthu mwaphuma nawo adamutola. Russell Kirk adamupatsa malo aulemu m'buku lake la mu 1953, The Conservative Mind, ndipo ambiri omwe amamuwerenga ku America masiku ano adamudziwira kumeneko.

Ntchito ina yomwe adaigwira mwakachetechete kwa zaka zambiri idatuluka iye atamwalira kale. Mu 1936 kudasindikizidwa Dhammapada, mawu a Buddha omwe adawamasulira yekha kuchokera m'chilankhulo cha Pali chomwe adachiphunzira ali mnyamata.

Harvard, sukulu yomwe idamudikiritsa zaka 18 asadakhale pulofesa wathunthu, idakhazikitsa mpando waupulofesa m'dzina lake mu 1960. Woyamba kukhalapo adali Harry Levin, yemwe adaphunzirapo kwa Babbitt. Levin adatchuka ndi buku lomwe adatulutsa mu 1941 lofotokoza luso la James Joyce, mlembi wa Ulysses, nthano yomwe Babbitt ankaiona ngati umboni wa kusokonekera kwa maganizo a anthu a m'nthawi yake.